Mbiri ya Abusa Hiram Revels, phungu woyamba wakuda m'nyumba ya Senate ya America

M'mbiri ya dziko la America muli abusa ambiri amene adasiya gome la ulaliki kwa kanthawi n'kukakhala pa mipando ya m'nyumba za malamulo. Ambiri mwa iwo timawakumbukira kaamba ka ukali wa mawu awo. Lero tikufuna tione moyo wa mmodzi amene sadali waukali konse, Abusa Hiram Rhodes Revels a mpingo wa Methodist, omwe mu 1869 adasankhidwa kukhala phungu m'nyumba ya malamulo ya chigawo cha Mississippi, ndipo patangopita miyezi yochepa adakhala munthu wakuda woyamba kulowa m'nyumba ya malamulo ya dziko lonselo ku Washington. Anthu a mtundu wawo amawanyadira chifukwa cha chiyambi chimenechi. Komabe pali kalata imodzi yomwe abusawa adalemba mu 1875, imene mpaka lero olemba mbiri amaiwerenga akupukusa mitu.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, tikumbutsane kuti America ndi mgwirizano wa zigawo, ndipo chigawo chilichonse chili ndi bwanamkubwa wake, makhoti ake ndi nyumba yake ya malamulo. Pamwamba pa zonsezi pali boma la ku Washington, lomwe nyumba yake yaikulu, ya Senate, imalandira aphungu awiri kuchokera ku chigawo chilichonse. Masiku a a Revels aphungu awiriwa sankasankhidwa ndi anthu wamba ayi, koma ndi nyumba ya malamulo ya chigawo. Lamulo limeneli lidasintha mu 1913.

A Revels adabadwa pa 27 Seputembala 1827 mu mzinda wa Fayetteville, m'chigawo cha North Carolina. Nthawiyo ukapolo udali pachimake kum'mwera kwa dzikolo, koma makolo awo adali mfulu, motero iwo sadasenzeko goli la ukapolo ngakhale tsiku limodzi. Ufulu wa munthu wakuda m'zaka zimenezo udali wopyapyala ndithu. Mu 1835, iwo akadali mwana, chigawo chawo chidalanda mfulu zakuda mwayi wovota umene zidali nawo kale. Mu 1838 adapita kukakhala ndi mkulu wawo, a Elias, ku Lincolnton, komwe adaphunzira ntchito yometa tsitsi. Mkuluyo atamwalira mu 1841, malo ometerawo adatsala m'manja mwa mnyamatayu. Sadakhalitse pa lumo. Mu 1844 adalowera kumpoto kukaphunzira pa sukulu ya akhristu a Quaker ku Indiana, kenaka ku Ohio, ndipo mu 1845 adadzozedwa kukhala m'busa wa mpingo wa African Methodist Episcopal.

Mpingo umenewu, womwe ambiri amangouitana kuti AME, si wachilendo kwathu kuno. Udayambitsidwa mu 1816 ku Philadelphia ndi a Richard Allen pamodzi ndi anzawo akuda omwe adatopa ndi tsankho la m'tchalitchi. Kuno udafika ndi a Hanock Msokera Phiri a ku Kasungu m'zaka za m'ma 1920, ndipo ndi womwewu umene udathandiza Kamuzu Banda kukaphunzira ku Wilberforce, m'chigawo cha Ohio.

Zaka zotsatira a Revels adazithera pa ulendo, kulalikira ku Indiana, Illinois, Ohio, Kentucky, Tennessee ndi Missouri. Adakwatira mayi Phoebe Bass, mfulu ya ku Ohio. Ku Missouri ndiko kudaonekera khalidwe limene adzayenda nalo moyo wawo wonse. Chigawochi chidali cha ukapolo, ndipo lamulo la 1847 linkaletsa kuphunzitsa munthu wakuda kulemba ndi kuwerenga, linkaletsanso anthu akuda kusonkhana pa mapemphero popanda wa boma wowayang'anira. A Revels, malinga ndi zomwe adafotokoza okha pambuyo pake, ankasamala kwambiri kuti asanene kanthu kolimbikitsa kapolo kuthawa mbuye wake. Iwo ankati ntchito yawo ndi ya moyo wauzimu ndi makhalidwe, ndipo pa chifukwa chimenechi eni akapolo ena ankawalekerera. Ngakhale zidali choncho, mu 1854 adatsekeredwa m'ndende pa mlandu wolalikira Uthenga Wabwino kwa anthu akuda. Kufatsa kwawo konseko sikudawatchinjirize. Atatuluka sadasinthe njira, ndipo sitikuona pena paliponse pamene adaonetsa mangawa pa zimene zidawachitikirazo.

Adakaonjezera maphunziro pa Knox College ku Galesburg, m'chigawo cha Illinois, mwayi umene anthu akuda owerengeka okha ndiwo adali nawo masiku amenewo. Nkhondo yapachiweniweni itabuka mu 1861 idawapeza ku Baltimore, akuweta mpingo ndi kuyendetsa sukulu ya ana akuda. Adathandiza kulemba asilikali akuda ku Maryland ndi ku Missouri, adatsegula sukulu ya akapolo omasulidwa ku St. Louis, ndipo adatumikira ngati m'busa wa asilikali ku Mississippi, m'dera la Vicksburg. Nkhondo idatha mu 1865 ndipo ukapolo udathetsedwa chaka chomwecho. Mu 1866 banja la a Revels lidakhazikika ku Natchez, mzinda wa m'mphepete mwa mtsinje wa Mississippi umene udalemera ndi thonje lolimidwa ndi akapolo, komanso umene udali ndi umodzi mwa misika ikuluikulu yogulitsirapo anthu.

Apa ndi pamene ndale zidawapeza, pakuti si iwo amene adazifunafuna. Boma la ku Washington lidali litaika zigawo zogonja za kum'mwera m'manja mwa asilikali, ndipo lidalamula kuti amuna akuda alembedwe m'kaundula wa ovota. Ku Mississippi anthu akuda adali oposa theka la anthu onse. Mwadzidzidzi padafunika makhansala, aphungu, oweruza ndi alembi kuchokera pakati pa anthu omwe kwa zaka zambiri lamulo lidawaletsa ngakhale kugwira buku. Nanga akadayang'ana kwa yani? M'madera ambiri munthu wodziwa kuwerenga, wozolowera kuima pagulu ndiponso wokhulupiriridwa ndi onse adali m'busa. N'chifukwa chake mwa anthu akuda pafupifupi 1,500 omwe mayina awo akudziwika kuti adakhala pa maudindo a boma m'nyengo imeneyo, oposa 200 adali abusa. Kwa ife Akatolika, kanoni 285 ya malamulo a Mpingo a 1983 imaletsa ansembe kulandira udindo wa ulamuliro wa boma, koma mipingo ya Methodist idalibe choletsa chotere. Chidatsala ndi chikumbumtima cha m'busa mwini, ndipo cha a Revels chidali chokayika. Ankaopa kuti ndale zisokoneza ubusa wawo ndi kukolezera udani pakati pa mitundu.

Mu 1868 adalowa m'khonsolo ya mzinda wa Natchez. Kumeneko adadziwika ngati munthu woleza mtima, womvera mbali zonse, moti ngakhale azungu ena omwe adamenya nkhondo ku mbali ya eni akapolo ankawalemekeza. Chaka chotsatira a chipani cha Republican m'boma la Adams, momwe muli Natchez, adagawanika pa za munthu woti akaimire bomalo m'nyumba ya Senate ya chigawo. Mbali ziwirizo zitakanika kugonjerana, zidagwirizana pa m'busa amene adalibe mdani. Mmodzi mwa omwe adawakoka dzanja adali mnyamata wa zaka 22, John R. Lynch, yemwe adabadwira mu ukapolo ndipo pa chisankho chomwecho adapambana mpando wa m'nyumba yachiwiri. Lynch ndi amene adatisungira zambiri za nthawiyo m'buku lake lotchedwa The Facts of Reconstruction, lomwe lidatuluka mu 1913. Iye akufotokoza kuti kufikira pamenepo a Revels sankadziwika kuti adakhalapo pa msonkhano wa ndale, ngakhale kuyankhulapo za ndale pagulu.

Nyumba yatsopanoyo idakumana ku Jackson mu Januwale 1870. Mwa aphungu pafupifupi 140, oposa 30 adali akuda, chinthu chomwe zaka khumi m'mbuyomo palibe akadachilota. Pa tsiku lotsegulira, poona kuti pakati pa maseneta pali m'busa, adapempha a Revels kuti atsegule ndi pemphero. Mawu a pempherolo sitiwafuna pano. Chofunika ndi chimene lidachita. Lynch akuti lidali logwira mtima ndi lokonzeka bwino kotero kuti aliyense m'nyumbamo, mzungu ndi wakuda yemwe, adatukula mutu kufuna kudziwa kuti munthu ameneyu ndani. M'maganizo a Lynch, pemphero limenelo ndi lomwe lidawatumiza ku Washington.

Nkhani idali yakuti mipando iwiri ya Mississippi m'nyumba ya Senate ya dziko idakhala yopanda anthu kuyambira 1861, pamene a Jefferson Davis ndi a Albert Gallatin Brown adatuluka chigawo chawo chitagalukira mgwirizano. A Davis ndi omwe adakakhala mtsogoleri wa zigawo zogalukirazo. Tsopano aphungu akuda adaumirira kuti umodzi mwa mipandoyo upite kwa munthu wa mtundu wawo. Anzawo achizungu a m'chipani adavomera, koma mochenjera. Mpando wa nthawi yotalikirapo, womwe udali wa a Davis, adaupereka kwa a Adelbert Ames, mkulu wa asilikali wochokera kumpoto ku Maine. Wa a Brown, womwe udangotsala ndi chaka chimodzi, ndiwo adausiyira wakuda. Poyamba maso adali pa m'busa wina wa Methodist, a James Lynch, omwe sadali pa ubale ndi John uja, koma iwo adali atangosankhidwa kumene kukhala mlembi wamkulu wa chigawo ndipo kuwachotsa kukadafuna chisankho china. Atavota mobwerezabwereza, pa 20 Januwale 1870 aphungu adasankha a Revels. Uphungu wawo wa m'nyumba ya chigawo udatha milungu yowerengeka chabe. Nyuzipepala za kumpoto zidakonda kulemba kuti munthu wakuda walowa m'malo mwa Jefferson Davis, ndipo wojambula wotchuka Thomas Nast adajambula a Davis akusuzumira mwanjiru. Nkhaniyo idakoma m'makutu, ngakhale mpandowo udali wa munthu wina.

Ku Washington sadawalandire ndi manja awiri. Mississippi idabwezeredwa mu mgwirizano pa 23 Febuluwale 1870, ndipo tsiku lomwelo zikalata za a Revels zitaperekedwa, maseneta a chipani cha Democratic adaimirira kutsutsa. Mfundo yawo idali ya malamulo, ndipo idali yowawa. Malamulo oyendetsera dziko amati seneta ayenera kukhala amene wakhala nzika kwa zaka zisanu ndi zinayi. Tsono mu 1857, pa mlandu wa Dred Scott, khoti lalikulu lidagamula kuti munthu wakuda, kapolo kaya mfulu, sangakhale nzika ya America. Chigamulochi chidafafanizidwa ndi kusintha kwa malamulo kwa mu 1868. Potero otsutsawo, omwe mwa iwo mudali a Garrett Davis a ku Kentucky ndi a Willard Saulsbury a ku Delaware, ankati a Revels akhala nzika kwa zaka ziwiri zokha. Taganizani: munthu wa zaka 42, wobadwira m'dzikomo, amene adaweta mipingo yake ndi kuika maliro a asilikali ake, akumva anthu akuwerengetsera zaka za unzika wake ngati za mlendo wongofika dzana.

Ena mwa owaikira kumbuyo adayesa njira yachidule ponena kuti popeza m'banja mwawo mudali magazi a azungu, chigamulo cha Dred Scott sichikuwakhudza. Mfundo imeneyi, tikaiyang'anitsitsa, idali yonyoza kuposa yotsutsa ija, chifukwa ikadatsegulira khomo iwo okha n'kutsekera ena onse. Maseneta monga a Charles Sumner a ku Massachusetts adaima pa mfundo yolimba, yakuti chigamulo chija chidali cholakwa kuyambira tsiku limene chidaperekedwa, ndipo nkhondo idachikwirira. Mkangano udatenga masiku atatu. Madzulo a pa 25 Febuluwale nyumba idavota, 48 kuvomereza ndipo 8 kukana, ndipo a Revels adalumbira pamaso pa khamu lomwe lidadzaza m'malo a alendo.

Pa 16 Malichi adayankhula koyamba. Nkhani idali ya chigawo cha Georgia, komwe mu 1868 aphungu achizungu adathamangitsa anzawo akuda m'nyumba ya malamulo ponena kuti ufulu wovota si ufulu wokhala pa udindo. Mmodzi mwa othamangitsidwawo adali m'busa mnzawo wa AME, a Henry McNeal Turner. A Revels adapempha kuti Georgia isalandiridwe popanda chitetezo cha anthu akuda ndi aphungu awo. Koma taonani njira imene adadzera. Adakumbutsa nyumbayo kuti pa nthawi ya nkhondo, amuna achizungu a kum'mwera ali ku nkhondo, akapolo sadaukire amayi ndi ana omwe adatsala m'makomo, ndiponso kuti boma litasowa asilikali, anthu akuda adabwera. Adatsindika kuti mtundu wawo sukufuna kubwezera kapena kukwera pamsana pa wina. Ankapempha ngati wamangawa wofatsa, osati ngati woimba mlandu.

Chaka chawo chimodzicho chidayenda motero. Adakhala m'komiti ya zamaphunziro ndi ntchito komanso ya mzinda wa Washington. Adathandiza amisiri akuda omwe ankakanizidwa ntchito pa malo okonzera zombo za nkhondo mu mzindawo, ndipo ena adalembedwa. Adasankha mnyamata wakuda, Michael Howard, kuti akaphunzire pa sukulu ya asilikali ya West Point, koma mnyamatayo sadalandiridwe. Mu Febuluwale 1871 adatsutsa zopatula ana m'sukulu za mu Washington potengera khungu, ponena kuti lamulo lotere lingodyetsera tsankho lomwe likukula kale, ngakhale adafulumira kutsimikizira azungu kuti kuphunzira pamodzi sikukakamiza aliyense kuchezerana m'makomo. Pa mfundoyi adagonja. Pamene adasiyana kwambiri ndi anzawo ena a m'chipani ndi pa nkhani ya omwe adagalukira boma. Ambiri mwa atsogoleri akale a kum'mwera adali oletsedwa kukhala pa udindo. A Revels ankafuna kuti aliyense wolumbira kukhulupirika ku boma akhululukidwe ndi kubwezeredwa ufulu wake wonse, ndipo ankafotokoza za Mississippi ngati dera limene mitundu iwiriyi ikukhala mwamtendere. Chikhululukiro cha ambiri chidabweradi mu 1872, iwo atachoka kale. Ngati m'busa, sakadalalikira china. Ngati wandale, adathandiza kumasula manja a anthu omwe sadali okonzeka kugawana ulamuliro ndi akapolo awo akale.

Nthawi yawo itatha mu Malichi 1871 adabwerera kwawo, ndipo adapatsidwa udindo wokhala mkulu woyamba wa sukulu ya ukachenjede ya Alcorn, yomwe chigawo chidatsegulira achinyamata akuda m'boma la Claiborne, pa malo a sukulu yakale ya a Presbyterian yotchedwa Oakland. Sukuluyi idatchedwa dzina la bwanamkubwa James Alcorn, ndipo munthu ameneyu tiyenera kumudziwa. A Alcorn adali mwini minda ikuluikulu, adakhalapo ndi akapolo ambiri, ndipo nthawi ya nkhondo adatsogolerako asilikali a chigawo ku mbali ya ogalukira. Nkhondo itatha adalowa chipani cha Republican poganiza kuti eni nthaka akale angathe kupitiriza kutsogolera ngati atagwirana manja ndi ovota akuda. A Revels adawakhulupirira, ndipo ubwenzi umenewu ndiwo udaumba zonse zotsatira. A James Lynch atamwalira mu Disembala 1872, a Revels adagwirizira udindo wa mlembi wamkulu wa chigawo kwa miyezi ingapo ya 1873.

Chaka chomwecho chipani chidang'ambika. A Ames ndi a Alcorn adapikisana pa mpando wa bwanamkubwa. Ovota akuda pafupifupi onse adatsata a Ames, omwe ankaumirira kuti ufulu wa anthu akuda utetezedwe ndi mphamvu ya boma. A Revels adaima ndi a Alcorn. A Ames adapambana, ndipo mu 1874 udindo wa a Revels pa sukulu ija udawathera. Adasamukira ku Holly Springs kukaweta mpingo, tsopano ali mu mpingo wa Methodist Episcopal. Sitingathe kuyeza kuti m'zimene adachita pambuyo pake mudali mfundo zochuluka bwanji ndi chilonda chachikulu bwanji, koma woona mtima aliyense avomereza kuti zonse ziwiri zidalimo.

Tifike tsono ku 1875. Azungu a chipani cha Democratic adatsimikiza kulanda boma la chigawo mwa njira iliyonse. Dandaulo lawo lapoyera lidali la misonkho, ndipo pamenepa sadaname kwenikweni, pakuti msonkho wa nthaka udakwera kowirikiza kangapo chifukwa boma latsopano linkamanga sukulu za ana onse, chinthu chimene Mississippi idalibe. Koma chida chawo chenicheni chidali mfuti. Kale mu Disembala 1874 ku Vicksburg adali atachotsa mokakamiza mkulu wa apolisi wakuda wa bomalo, a Peter Crosby, ndi kupha anthu akuda makumi angapo. Pa 4 Seputembala 1875 msonkhano wa a Republican ku Clinton udasanduka zipolowe, ndipo masiku otsatira magulu a zida adasakaza midzi yozungulira, kupha aphunzitsi, atsogoleri a mipingo ndi alimi wamba. Mu Okutobala ku Friars Point a Alcorn enieniwo adali mmodzi mwa otsogolera azungu a mfuti pothamangitsa mkulu wa apolisi wakuda. Bwanamkubwa Ames adapempha asilikali ku Washington, koma yankho lochokera kwa mlangizi wa boma pa zamalamulo, a Edwards Pierrepont, lidali lakuti anthu a kumpoto atopa nazo zipolowe za chaka ndi chaka za kum'mwera. Chisankho chidachitika pa 2 Novembala. M'boma la Yazoo, momwe zaka ziwiri m'mbuyomo a Republican adapeza mavoti oposa 2,000, ulendo uno adapeza 7.

Patapita masiku anayi okha, pa 6 Novembala, a Revels adalembera kalata mtsogoleri wa dziko, a Ulysses Grant. M'kalatamo adafotokoza kuti kugonja kwa chipani chawo ndi chipatso cha ntchito zake zomwe. Adadzudzula andale obwera kuchokera kumpoto kuti amanga maganizo a anthu akuda mu ukapolo watsopano, kuti amawauza kuvotera munthu aliyense wa chipani ngakhale atakhala wakatangale, ndiponso kuti ndi iwo amene akusunga moto wa udani umene ukadazima kalekale. Adati anthu akuda ambiri adavotera mbali inayo mwa kufuna kwawo, atatopa ndi atsogoleri oterewa. Nyuzipepala za a Democratic zidaisindikiza kalatayo ponseponse. Chaka chotsatira komiti ya Senate itabwera kudzafufuza za chisankhocho, a Revels adaikira umboni kuti monga momwe ankadziwira iwo, zinthu zidayenda mwabata.

Tisafulumire kunena kuti m'kalatamo mudalibe choona. Mbava zidalipo m'maboma ena, ndipo andale ogwiritsa ntchito mavoti a osauka ngati makwerero sadayambe lero. M'busa amene akuona nkhosa zake zikuvotera dzina la chipani mosayang'ana khalidwe la munthu ali ndi chifukwa choyankhulira. Chovuta ndi chimene kalatayo idasiya. Idalembedwa manda a ku Clinton akadali ndi dothi lofiira, ndipo idaloza chala kwa ogonja n'kusiya a mfuti. Mu Disembala chaka chomwecho a Charles Caldwell, munthu wakuda wosula zitsulo yemwe adali seneta m'nyumba ya chigawo yomwe a Revels adatsegula ndi pemphero, adaomberedwa ku Clinton komweko. Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, usasiye mlomo. Mlomo umene a Revels adausiya m'kalatayi udagwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri ndi olemba mabuku ofuna kuonetsa kuti ulamuliro wa nyengo imeneyo udali wa mbava, ndipo kuti ngakhale seneta woyamba wakuda adavomereza. Ofufuza a pambuyo pake adapeza kuti m'boma la a Ames simudabedwe chuma chambiri cha chigawo, pamene msungichuma wa chigawo wa chipani cholowa m'malocho, a William Hemingway, adapezeka wolakwa mu 1890 pa kusowa kwa madola oposa 300,000.

A Ames adatula pansi udindo mu Malichi 1876 nyumba yatsopano itayamba kuwazenga milandu. Bwanamkubwa wolowa m'malo, a John M. Stone a chipani cha Democratic, adabwezera a Revels pa ukulu wa sukulu ya Alcorn chaka chomwecho. Adani awo adati amenewo ndi malipiro a kalata ija. Abwenzi awo adati popanda munthu womveka kwa olamulira atsopano sukuluyo ikadatsekedwa. Boma lidachepetsa kwambiri ndalama zoyendetsera sukuluyo, ndipo mu 1878 lidaisandutsa ya zaulimi ndi zaumisiri, koma sidatsekedwe. Mu 1952 pa sukulu yomweyi padamaliza maphunziro mnyamata wotchedwa Medgar Evers, amene adadzakhala mtsogoleri womenyera ufulu wovota wa anthu akuda ku Mississippi mpaka pamene adaphedwa pakhomo pake ku Jackson mu 1963.

A Revels adapuma pa sukuluyo mu 1882 n'kubwerera ku Holly Springs. Adakhalako mkonzi wa nyuzipepala ya mpingo wawo, Southwestern Christian Advocate, adaphunzitsa zaumulungu pa sukulu yomwe pambuyo pake idatchedwa Rust College, ndipo adayang'anira mipingo ya m'chigawo chawo cha ubusa. Ku ndale sadabwererenso. Adali moyo mu 1890 pamene Mississippi idalemba malamulo atsopano ofuna kuti wovota alipire msonkho wa madola awiri ndi kuwerenga kapena kumasulira ndime ya malamulowo mokhutiritsa mlembi wachizungu, njira yomwe idachotsa m'kaundula pafupifupi anthu akuda onse. Adali moyo mu 1898 pamene khoti lalikulu la dziko lidavomereza malamulo amenewa. Mnzawo wa ku Mississippi, a Blanche K. Bruce, adakhala m'nyumba ya Senate kuyambira 1875 mpaka 1881, ndipo atachoka iwo mudapita zaka 86 musanalowenso munthu wakuda, kufikira a Edward Brooke a ku Massachusetts mu 1967.

Pa 16 Januwale 1901, ali pa msonkhano wa mpingo mu mzinda wa Aberdeen, ku Mississippi komweko, a Revels adagwidwa ndi matenda ofa ziwalo ndipo adamwalira ali ndi zaka 73. Adaikidwa m'manda a Hillcrest ku Holly Springs. Mwana wawo wamkazi, Susie, adali atasamukira kale kutali ku Seattle, komwe adakwatiwa ndi a Horace Cayton, mwana wa kapolo yemwe adaphunzira pa Alcorn, ndipo awiriwa ankayendetsa nyuzipepala yotchedwa Seattle Republican. Mwana wawo, Horace Cayton wamng'ono, adalemba pamodzi ndi St. Clair Drake buku la Black Metropolis, lomwe lidatuluka mu 1945, lofotokoza moyo wa anthu akuda a ku Chicago, omwe ambiri mwa iwo adafika kumeneko pothawa ku Mississippi.